Zikalakwika kuchipatala, dokotala ndi loya amayankha kwa yani?

Pamaliro ambiri a munthu amene wamwalirira kuchipatala pamayenda mauthenga awiri. Woyamba ndi umene a kubanja amalengeza pagulu: malemu anadwala nthawi yochepa, achipatala anayesetsa, koma zinakanika. Wachiwiri umayenda monong'ona kuseri kwa nyumba ya siwa: namwino anachedwa kubwera, dokotala sanaoneke usiku wonse, mankhwala anapatsidwa mochedwa. Wina akafunsa chifukwa chomwe banjalo silikukadandaula, amamuyankha kuti munthu wamba sangalimbane ndi adokotala. Akatchula zopita kwa loya, anthu amangopukusa mitu, amvekere loya ndiye adzamaliza n'kochepa komwe katsala.

Mayankho awiriwa akuonetsa momwe Amalawi ambiri amaonera akatswiri amene timawadalira pa nthawi yovuta. Dokotala timamuona ngati munthu wosafunsidwa, loya timamuona ngati munthu wosakhulupirika. Mapeto ake madandaulo enieni amakwiriridwa pamodzi ndi mtembo, ndipo cholakwika chomwe chikanakonzedwa chimadikira wodwala wina. Chonsecho malamulo a dziko lino anaika udindo womveka bwino pa dokotala, namwino, mzamba, wopereka mankhwala ngakhalenso loya, ndipo aliyense wa iwowa ali ndi kumene amayankha akalakwa.

Ulemu wosanganikirana ndi mantha

Palibe kholo limene silinganyadire mwana wake atakhala dokotala kapena loya. Koma kholo lomwelo likalowa mu ofesi ya katswiriyo limachita mantha kufunsa funso. Gwero lake ndi kusiyana kwa chidziwitso. Wodwala sangathe kudziyeza yekha kuti adziwe ngati mankhwala amene wapatsidwa ndi oyenera. Mwini mlandu sangadziwe ngati kuchedwa kwa mlandu wake kukuchokera kubwalo kapena kwa loya wake. Onse awiri amalankhulidwa m'Chingerezi chovuta, amapatsidwa mapepala oti asayine, n'kuuzidwa kuti adikire.

Munthu akamadalira wina pa chinthu chimene sangathe kuchitsimikiza, chikhulupiriro chake sichichedwa kusanduka chikaiko. Taziona kangapo m'dziko muno. M'chaka cha 2017, mphekesera za anamapopa zitabuka m'maboma a kummwera monga Mulanje ndi Phalombe, anthu angapo anaphedwa, ogwira ntchito zachipatala anaopsezedwa, ndipo bungwe la United Nations linayamba lachotsa ogwira ntchito ake m'madera ena. Mu 2020, Covid-19 itangofika, anamwino ena ankakanizidwa kukwera minibasi poopa kuti apatsira anthu matenda. Pa mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700, anthu okwiya anaphwanya chipatala china ku Balaka poganiza kuti achipatala ndiwo akufalitsa matendawa.

Maloya nawo mbiri yawo imakwera ndi kutsika. Pa mlandu wa chisankho cha 2019, anthu ankatsatira zokambirana za kubwalo pawailesi tsiku ndi tsiku, ndipo mayina a maloya ankatchulidwa m'misika ndi m'mabasi ngati a osewera mpira. Bwalo litathetsa zotsatira za chisankhocho pa 3 February 2020, oweruza asanu a mlanduwo analandira mphoto ya Chatham House ya chaka chimenecho. Koma kunja kwa milandu ikuluikulu yotere, munthu wamba amamudziwa loya kudzera m'nkhani za ndalama za chipukuta misozi zimene zinathera m'njira. Paja amati nsomba ikawola imodzi, zonse zawola.

Chiphaso ndi pangano

Chimene chimasiyanitsa katswiri ndi wantchito wina aliyense si gawuni yoyera kapena mkanjo wakuda ayi. Ndi pangano limene anachita ndi dziko. Boma limaletsa wina aliyense kuchita opaleshoni, kubereketsa m'chipatala, kugulitsa mankhwala ena kapena kuimira munthu kubwalo, kupatula okhawo amene anaphunzira ndipo analembedwa m'kaundula. Posinthana ndi mwayi umenewu, katswiriyo amavomera kuika zofuna za amene akumuthandiza patsogolo pa thumba lake, kusunga chinsinsi, kugwira ntchito mwaluso, ndi kulangidwa akaphwanya panganolo. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Pali mabungwe amene anapatsidwa mphamvu yosunga makaundula amenewa. Medical Council of Malawi, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, imalemba ndi kulanga madokotala, madokotala a mano, ma clinical officer, ma medical assistant ndi ena ogwira ntchito zofanana nazo, komanso imayendera zipatala. Nurses and Midwives Council of Malawi imaona za anamwino ndi azamba. Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe inabwera ndi lamulo la 2019 m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, imayang'anira mankhwala, ma famase ndi akatswiri opereka mankhwala. Kumbali ya maloya kuli Malawi Law Society, imene ili ndi komiti yomva madandaulo a anthu pa khalidwe la maloya.

Mabungwewa ntchito yawo yaikulu ndi kuteteza anthu, osati kuteteza mamembala awo. Komabe amene amakhala pampando womva dandaulo nthawi zambiri ndi akatswiri a ntchito yomweyo, chifukwa ndi okhawo amene angazindikire ngati mnzawo anachita zoyenera. Apa ndi pamene pamabadwira chikaiko chakuti amabisirana. Njira yokhayo yochotsera chikaiko chimenechi ndi kumva madandaulo mwachangu ndi kulengeza poyera zimene zagamulidwa. Dandaulo likakhala zaka popanda yankho, wodandaula amauza mudzi wonse kuti kulibe kothawira.

Kodi imfa iliyonse ya kuchipatala ndi mlandu?

Ayi. Dokotala salonjeza kuchiritsa, amalonjeza kusamala. Munthu akhoza kumwalira ngakhale aliyense atachita mbali yake bwinobwino, ndipo opaleshoni iliyonse ili ndi chiopsezo chake. Kuti bwalo linene kuti panali kunyozera ntchito, wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zinayi: kuti wachipatalayo anali ndi udindo womusamalira, kuti chisamaliro chimene anapereka chinali chochepera pa muyezo woyenera, kuti kuchepako ndi kumene kunabweretsa vuto, ndiponso kuti panaonongekadi kanthu monga moyo, chiwalo kapena thanzi.

Muyezo woyenerawo makhoti athu anautengera ku malamulo a ku England, kumene kunachokera mbali yaikulu ya kayendetsedwe ka milandu kuno. Mlandu wodziwika kwambiri ndi wa John Bolam wa mu 1957. Bamboyu anathyoka mafupa pomwe ankalandira chithandizo cha matenda a maganizo chogwiritsa ntchito magetsi, asanapatsidwe mankhwala ofewetsa minofu. Bwalo linati dokotala salakwa ngati wachita zimene gulu la madokotala odalirika a ntchito yomweyo lingavomereze kuti n'zoyenera, ngakhale patakhala madokotala ena amene akanachita mosiyana. Bolam sanapambane mlanduwo.

Tanthauzo lake n'lakuti mlandu wa kuchipatala sungayende popanda katswiri wina wachipatala wobwera kudzachitira umboni. M'dziko limene madokotala odziwa mozama za nthambi imodzi ndi owerengeka, ndipo ambiri anaphunzira kapena kuphunzitsana pasukulu imodzi, kupeza wovomera kutsutsa mnzake pamaso pa woweruza si chinthu chapafupi. Sukulu yoyamba yophunzitsa madokotala m'Malawi, College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inatsegulidwa mu 1991.

Pali udindo wina umene sudalira zipangizo kapena ndalama: kufotokozera wodwala. Mu 2015 bwalo lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula mlandu wa Nadine Montgomery, mayi wa thupi laling'ono wodwala matenda a shuga, amene sanauzidwe kuti mwana wake, pokhala wamkulu, akhoza kukanirira mapewa pobadwa. Mwanayo anabadwa ndi ulumali. Bwalo linati dokotala ayenera kuuza wodwala chiopsezo chilichonse chimene munthu woganiza bwino angafune kuchidziwa, pamodzi ndi njira zina zimene zilipo, kuti wodwalayo asankhe yekha. Zigamulo za ku Britain za masiku ano sizimanga makhoti a kuno, koma oweruza athu amaziwerenga ndi kuziganizira. Mfundo yake ikugwirizananso ndi gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko lino, limene limateteza ulemu wa munthu. Choncho fomu yovomereza opaleshoni imene yasayinidwa ndi munthu amene sanauzidwe kanthu, kapena amene anauzidwa m'chilankhulo chimene samva, siikwaniritsa cholinga chake.

Wolakwa ndi munthu kapena dongosolo?

Mu 2019 ofesi ya Ombudsman, motsogozedwa ndi Martha Chizuma, inatulutsa lipoti lotchedwa Woes of the Womb itafufuza za amayi amene ankachotsedwa chiberekero m'zipatala za boma. Ambiri mwa amayiwa anachitidwa opaleshoni pobereka, mabala n'kulowa matenda mpaka chiberekero kuonongeka. Kafukufukuyo analoza mbali ziwiri: kuchepa kwa ogwira ntchito ndi zipangizo, komanso kunyozera ntchito kwa ena mwa achipatala.

Mbali ziwirizi n'zofunika kuzisiyanitsa. Bungwe la World Health Organization limati dziko limafunika madokotala, anamwino ndi azamba pafupifupi 45 pa anthu 10,000 alionse kuti anthu athandizidwe mokwanira, ndipo Malawi ali kutali kwambiri ndi chiwerengerochi. Mzamba mmodzi amene akuyang'anira wodi yodzaza usiku wonse sangakhale pabedi lililonse nthawi imodzi. Kumuloza chala yekha pamene magolovesi atha, madzi sakutuluka ndipo ambulansi ilibe mafuta, ndi kupeputsa mlandu wa amene amagawa ndalama. Mu 2001 mayiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti gawo 15 pa 100 alionse a bajeti lizipita ku zaumoyo, koma zaka zambiri dziko lino silifika pamenepo.

Komabe umphawi wa chipatala sufafaniza udindo wa munthu. Kutukwana mayi amene ali pa ululu wobereka sikuchitika chifukwa chosowa mankhwala. Kusalemba m'faelo zimene wachita, kusiya wodi popanda womusiyira, kupempha ndalama pa chithandizo chaulere, kapena kuuza anthu a m'mudzi matenda a munthu, zonsezi ndi zosankha za munthu payekha. Katswiri alinso ndi udindo wolankhula pamene malo ake antchito asanduka oopsa kwa odwala: kulembera akuluakulu, kusunga umboni wakuti anachenjeza, ndi kutumiza wodwala kwina nthawi isanathe.

Loya amalowa pati pa nkhani za umoyo?

Milandu iwiri ya m'dziko muno ikuonetsa chimene chimachitika akatswiri akaiwala udindo wawo, ndi chimene loya angachite pobweza zinthu m'chimake.

Mu 2009 apolisi ku Mwanza anagwira amayi amene ankawaganizira kuti ndi oyendayenda, n'kupita nawo kuchipatala cha boma kumene anayezedwa magazi popanda chilolezo chawo. Zotsatira zakuti ali ndi kachilombo ka HIV zinawerengedwa m'bwalo la majisitireti anthu akumva. Pa nkhani imodzi yomweyi panadutsa wapolisi, wachipatala, woimira boma pamlandu ndi woweruza, koma palibe anaimitsa. Amayi 11 anatengera nkhaniyi kubwalo lalikulu mothandizidwa ndi maloya komanso bungwe la Southern Africa Litigation Centre. Mu May 2015, Jaji Dorothy Kamanga anagamula kuti kuwayeza mokakamiza kunaphwanya ufulu wawo, kuphatikizapo wa chinsinsi ndi ulemu. Zinatenga zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi.

Mlandu wachiwiri ndi wa mayi amene bwalo linalamula kuti dzina lake libisidwe, n'kumangotchedwa E.L. Mayiyu, yemwe anali pa mankhwala a ma ARV, anapezeka wolakwa mu 2016 pa mlandu wakuti anayamwitsa mwana wa munthu wina, ndipo anagamulidwa kukakhala kundende miyezi isanu ndi inayi. Kubwalo loyamba analibe loya. Mwanayo sanatenge kachilombo. Pa apilo, maloya ake anabweretsa umboni wa akatswiri a zachipatala wofotokoza kuti mpata wopatsira kachilombo ndi wochepa kwambiri ngati mayi akumwa mankhwala. Mu January 2017 Jaji Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba anathetsa chigamulocho.

Pa milandu yonse iwiri, sayansi ndi lamulo zinalipo kuyambira pachiyambi. Chimene chinkasowa ndi munthu wozibweretsa pamaso pa woweruza. Lero lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limatsindika kuti munthu ayezedwe atavomera yekha ndiponso kuti zotsatira zake zisungidwe mwachinsinsi. Koma lamulo lolembedwa silidziyendetsa lokha. Munthu amene amaopa loya kuposa momwe amaopera kulakwiridwa amataya chida chimene chikanamuteteza.

Nanga loya akalakwa?

Mantha a anthu pa maloya sanangochokera mumlengalenga. Dandaulo lofala ndi la ndalama za chipukuta misozi: munthu wavulala pangozi ya pamsewu kapena pantchito, kampani ya inshuwalansi yalipira kudzera kwa loya, koma mwini wake akulandira zochepa, mochedwa, kapena osalandira n'komwe. Palinso madobadoba amene amazungulira m'mawodi kusaka ovulala kuti akawapereke kwa loya, n'kudzadula gawo lawo pa ndalama za wodwala. Pamene pakufunika lipoti la kuchipatala losonyeza kukula kwa kuvulala, chinyengo chikhoza kulumikiza ntchito zonse ziwiri, wachipatala n'kukokomeza bala kuti ndalama zikwere.

Malamulo a ntchito ya uloya amaletsa zonsezi. Ndalama za kasitomala zimayenera kusungidwa mu akaunti yapadera, yosiyana ndi ya loya. Loya ayenera kufotokoza momwe adzalipiritsire, kudziwitsa mwini mlandu pamene nkhani yafika, kusunga chinsinsi chake, ndi kumuuza zoona ngakhale zitakhala zowawa, monga zakuti mlandu wake ulibe umboni wokwanira. Alinso ndi udindo kubwalo: saloledwa kunamiza woweruza pofuna kupambanitsa kasitomala. Ichi n'chifukwa chake kuimira munthu woganiziridwa mlandu si bodza monga ambiri amaganizira. Loya sachitira umboni kuti munthuyo ndi wosalakwa, amaonetsetsa kuti amene akumuimba mlandu abweretse umboni wokwanira.

Chiphaso cha loya chimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa amene ali ndi chilolezo chogwira ntchito. Komiti yake yosungitsa mwambo imamva madandaulo, ndipo nkhani zikuluzikulu zikhoza kufika kubwalo lalikulu, kumene loya angaimitsidwe kapena kuchotsedwa m'kaundula. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act linakhazikitsanso thumba la Fidelity Fund, lothandiza anthu amene ndalama zawo zasowa m'manja mwa loya.

Dziko la South Africa, kumene milandu yosumira zipatala ndi yambiri kuposa kuno, likutionetsa nkhope zonse ziwiri za ntchitoyi. Mu 2016 boma la chigawo cha Gauteng linasamutsa odwala matenda a maganizo kuchoka m'zipatala za Life Esidimeni kupita kumalo osayenera pofuna kupulumutsa ndalama, ngakhale akatswiri ndi mabanja anachenjeza. Odwala 144 anamwalira. Maloya a bungwe la SECTION27 ndi ena anaimira mabanja, ndipo mu 2018 Jaji wopuma Dikgang Moseneke analamula boma kulipira banja lililonse lodandaula 1.2 miliyoni rand. M'dziko lomwelo, ndalama zimene anthu akufuna kuchokera ku zipatala za boma kudzera m'milandu zinapitirira 100 biliyoni rand, ndipo bungwe lofufuza la Special Investigating Unit lapeza milandu ina yabodza komanso maloya amene anadya ndalama zolipiridwa ana olumala. Ndalama iliyonse yolipira mlandu wabodza imachoka m'thumba lomwelo logulira mankhwala.

Phunziro kwa ife n'lakuti kuchepa kwa milandu si umboni wakuti zipatala zikuyenda bwino, ndipo kuchuluka kwake si umboni wakuti chilungamo chafika. Chofunika ndi chakuti dandaulo loona lipeze njira, labodza litsekeredwe.

Ngati mukuona kuti mwalakwiridwa

Choyamba, sungani umboni. Buku lanu la kuchipatala, mapepala otulutsira wodwala, zotsatira za kuyeza, malisiti ndi mapaketi a mankhwala zisatayike. Lembani masiku, nthawi, wodi ndi zimene zinanenedwa mukadakumbukira bwino. Gadiyani amene anagona kuchipatala ndi mboni yofunika kwambiri.

Chachiwiri, funsani. Muli ndi ufulu wopempha mkulu wa wodi kapena wa chipatala kuti akufotokozereni chimene chinachitika. Madandaulo ambiri amatha pamene banja lamva kufotokoza komveka ndi kupepesa kochokera pansi pa mtima. M'zipatala zambiri za boma tsopano muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala amene amalandira madandaulo kwaulere.

Chachitatu, dziwani chimene khomo lililonse limapereka. Medical Council, Nurses and Midwives Council ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority zimaona khalidwe ndi luso la katswiri, ndipo zikhoza kumuchenjeza, kumuimitsa kapena kumulanda chiphaso. Ofesi ya Ombudsman, imene mphamvu zake zili m'gawo 123 la malamulo oyendetsera dziko, imafufuza kupanda chilungamo m'maofesi a boma popanda kulipiritsa. Bwalo la milandu ndi limene limagamula za chipukuta misozi. Ngati chipatala ndi cha boma, wosumiridwa amakhala boma kudzera kwa Attorney General, ndipo lamulo limafuna kuti apatsidwe kaye chidziwitso cholemba mlandu usanayambe.

Chachinayi, musazengereze. Kumudzi timati mlandu suwola, koma kubwalo umawola. Mlandu wofuna chipukuta misozi chifukwa chovulazidwa umayenera kuyambika pasanathe zaka zitatu, ngakhale pali zochitika zina, monga za ana, zimene lamulo limaziona mwapadera. Ngati pali chikaiko pa chimene chapha munthu, nkhani yoyeza mtembo ikambidwe maliro asanaikidwe, chifukwa pambuyo pake zimavuta.

Chachisanu, ngati mulibe ndalama zolipira loya, pitani ku Legal Aid Bureau, imene inayamba kugwira ntchito mu 2015 pofuna kuthandiza anthu osowa. Ngati mwapeza loya wanuwanu, tsimikizani kuti ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho, gwirizanani za malipiro polemba, tengani lisiti pa ndalama iliyonse, ndipo mufunse nambala ya mlandu wanu kuti muzitha kufufuza nokha kubwalo. Ndalama zikatuluka, pemphani pepala losonyeza zonse zimene zalipiridwa ndi zimene zadulidwa. Loya woona sakwiya ndi mafunso amenewa.

Nanunso muli ndi mbali yanu. Kubisa kwa dokotala mankhwala azitsamba amene mwamwa, kufika kuchipatala matenda atakula, kapena kumuuza loya theka la nkhani, kumachepetsa mphamvu ya katswiri yokuthandizani. Kumenya namwino kapena kugenda chipatala ndi mlandu, ndipo amene amavutika mawa lake ndi odwala a m'dera lomwelo chipatala chikatsekedwa.

Chikhulupiriro sichilamulidwa

Madokotala, anamwino ndi maloya ambiri m'dziko muno amagwira ntchito moona mtima, nthawi zina m'malo ovuta kwambiri. Iwowa ndi amene amataya zambiri mnzawo mmodzi akalakwa osalangidwa, chifukwa anthu sasiyanitsa. N'chifukwa chake kuulula cholakwa cha mnzako wa ntchito si kuipereka ntchitoyo, koma kuiteteza. Mabungwe oyang'anira akatswiri akufunika ndalama zokwanira zoyendera zipatala ndi kumva madandaulo m'nthawi yake, komanso kulimba mtima kofalitsa zigamulo zawo m'zilankhulo zimene anthu amamva.

Kwa banja limene lili pa siwa lija, funso lakuti "chinachitika n'chiyani?" si chipongwe kwa adokotala, ndipo kugogoda pa ofesi ya loya si kudzigulitsa. Mwina yankho lidzakhala lakuti palibe amene analakwa, ndipo mitima idzakhala pansi. Mwina lidzakhala lakuti panali cholakwika, ndipo mayi wotsatira wolowa m'wodi imeneyo adzapeza chitakonzedwa. Koma yankho lililonse limayamba ndi munthu amene wasiya kunong'ona, n'kulemba dandaulo lake ndi kukalipereka pakhomo loyenera.